Wogulitsa Nyumba Ayambe Waulula, Ndalama Zisanatuluke

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chimene makolo athu sanali kuchidziwa kwenikweni, koma ife a masiku ano tikomana nacho chaka ndi chaka, ndicho kugula ndi kugulitsa nyumba. Kale munthu akafuna pokhala ankapita kwa mfumu kapena kwa akuchikazi, nalandira malo, abale namthandiza kusenza denga. Lero m'mbali mwa mseu wochokera ku Balaka kunka ku Salima mwadzaza nyumba za njerwa ndi malata, ndipo nyumbazo zisintha eni ake ndi ndalama zambirimbiri. Ife amene tidaphunzirako kugwira cholembera tiitanidwa kawirikawiri kukalemba kalata ya pangano anthu awiri akagwirizana mtengo. Tsono zimene taona ndi kumva pa mabwalo otere ndizo zatikakamiza kulemba mau awa.

Nkhani ya mnzathu wina

Tiyambe ndi nkhani ya mnzathu wina amene sitimtchula dzina. Iyeyu adagwira nchito zaka 6 ku Johannesburg, akudzimana zakudya ndi zobvala, kuti tsiku lina adzakhale ndi pakepake. Atabwerera kumudzi m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mitsinje yonse ili mchenga wokhawokha, dobadoba wina anamsonyeza nyumba pafupi ndi msika. Inali ya njerwa zootcha, ya malata owala, makoma atangopakidwa laimu woyera mbee. Mwini wake anati: "Achimwene, nyumbayi ndidamanga ndine ndi manja angawa, ndipo palibe mlandu uli wonse. Koma fulumirani, pakuti pali wina wa ku Lilongwe amene abwera ndi ndalama Loweruka lino." Mnzathuyo pomva mau amenewo mtima unamthamanga. Anang'amba tsamba m'kope la mwana wa sukulu nalembapo mizere inai, mboni ziwiri zimene wogulitsa anabwera nazo zinasaina, ndipo thukuta la zaka 6 linasintha thumba tsiku lomwelo.

Mvula ya Januwale itafika, madzi otsika ku mapiri analowa pa khomo usiku nafika m'maondo. Madziwo ataphwa, laimu uja anayoyoka, ndipo kunsi kwake kunaoneka ming'alu yakale yolowa dzanja, imene wina adaimata ndi dothi. Mwezi wa Febuluwale usanathe kunabwera nkhalamba ina ndi ndodo yake, nikhala pa khonde mwaulemu, niti: "Bambo, njerwazi ndi malatawa mudagula ndithu, ife sitikana. Koma nthakayi ndi ya mbumba yanga. Amene adakugulitsaniyo ndi mkamwini. Tidamlola kumanga pano chifukwa cha mwana wa mlongo wanga. Kodi mkamwini agulitsa mudzi?" Apo nkuti wogulitsa uja atasamuka kale, osadziwika kumene adalowera.

Taonani tsono zinthu zitatu zimene zidamliza mnzathuyu: madzi, ming'alu, ndi umwini wa nthaka. Zonse zitatu wogulitsa anali kuzidziwa bwino lomwe. Oyandikana naye anali kuzidziwanso, ndipo ngakhale ana osewera pa bwalo akadatha kuloza pa khoma pamene madzi afika chaka chili chonse. Munthu mmodzi yekha ndiye sanazidziwe, amene analipira uja. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso lathu ndi ili: kodi sikuyenera kuti wogulitsa atsegule mkuyuwo iye mwini, wogula asanatulutse ndalama?

Munthu woima pakati

M'mizinda ya dziko lathu ndi m'maiko ena muli anthu ophunzira malamulo amene nchito yao ndi kusamutsa umwini wa nyumba ndi malo kuchoka kwa wogulitsa kunka kwa wogula. Kwathu kuno nchitoyi aigwira ndi maloya, ndipo ku England ndi ku South Africa munthu wotere amtcha conveyancer. Loya wa mtundu umenewu sakhalira kutsutsana pa bwalo la milandu iai. Iye atseka mabowo amene mlandu ukadalowerapo. Afufuza m'kaundula wa boma ngati wogulitsayo ndiye mwini weniweni, ngati nyumbayo siili pa chikole ku banki, ngati misonkho yake idalipidwa, ndiponso ngati malire ake ndi omwewo olembedwa pa mapu. Pambuyo pake alemba kalata yosamutsira umwini, asunga ndalama za wogula kufikira zonse zitalongosoka, nakalembetsa dzina latsopano.

Anthu a nchito imeneyi aona chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku, ndicho chakuti zoona zake za nyumba zidziwika ndithu, koma zidziwika mochedwa, wogula atataya kale ndalama ndi nthawi, mwinanso atalowa kale m'nyumbamo. Gwero la bvutoli lili m'lamulo lakale la Angerezi, limene lidafika kuno pamodzi ndi malamulo ao ena m'chaka cha 1902, lakuti wogula adzichenjerere yekha. Mwa lamulo limenelo wogulitsa saloledwa kunama akafunsidwa, saloledwanso kubisa chilema cha umwini wake. Koma za denga lodontha kapena khoma lofooka, akapanda kufunsidwa angathe kungokhala chete. Kumata mng'alu dala kuti usaoneke ndi chinyengo chimene khoti lingathe kuchilanga, inde, koma kutsimikiza chinyengocho ndi kupeza wochimwayo ndalama atadya kale, imeneyo ndi nchito yaikulu imene osauka ambiri saitha.

Zimene adayesa ku England

Boma la Britain lidafuna kutembenuza mwambo umenewu ku England ndi Wales. Kumeneko pangano la nyumba silimanga munthu kufikira tsiku limene maloya a mbali ziwiri asinthana makalata osainidwa, ndipo kuchokera pogwirizana mtengo kufika tsiku limenelo papita masabata ambiri. Boma lidawerengera kuti mwa malonda anai ali onse, amodzi ankafera m'njira, kawirikawiri chifukwa wogula watulukira mochedwa chinthu chimene akadachidziwa poyamba. Chotero m'lamulo la nyumba la 2004, lotchedwa Housing Act, adalamula kuti ali yense wogulitsa nyumba ayambe wasonkhanitsa makalata ofotokoza nyumbayo, kuti wofuna kugula awerenge asanalonjeze kanthu. Mtolo wa makalatawo adautcha Home Information Pack. Ife tiutche phukusi la wogulitsa.

M'phukusimo munkakhala umboni wa umwini wochokera ku kaundula wa malo, mayankho a khonsolo onena za chilolezo chomangira ndi za miseu yatsopano imene ingadutse pafupi, mayankho a kampani ya madzi onena za mipope ndi ngalande, ndi kalata yosonyeza kuchuluka kwa magetsi kapena gasi amene nyumbayo ifuna kuti ifunde m'nyengo yozizira. Lamulolo lidayamba pa 1 Ogasiti 2007 pa nyumba za zipinda zogona 4 kapena kuposa, pa 10 Sepitembala lidafika pa za zipinda 3, ndipo pa 14 Disembala chaka chomwecho lidakhudza nyumba zonse. Kuyambira Epulo 2009 adaonjezamo tsamba la mafunso limene mwini nyumba ankayankha yekha. Wotsatsa nyumba popanda phukusi ankalipitsidwa mapaundi 200.

Komatu lamuloli silidakhalitse. Boma latsopano la David Cameron litangolowa, lidaliimitsa pa 21 Meyi 2010, zaka 3 zisanakwane, ndipo lamulo lina la 2011 lidalifafaniza kotheratu. Chidatsala ndi kalata ya magetsi ija yokha.

Maso a loya pa phukusilo

Kodi chidalakwika nchiani, popeza cholinga chinali chabwino chotere? Maloya osamutsa umwini, amene ankagwira makalatawo ndi manja ao, ambiri sadatsutse cholingacho. Adatsutsa kamangidwe ka phukusilo, ndipo madandaulo ao tingawaike m'magawo atatu.

Loyamba, phukusilo lidachotsedwa mtima lisanabadwe. Poyamba boma lidafuna kuti mukhale lipoti la katswiri woyendera nyumba, lonena za denga, makoma ndi maziko. Koma m'mwezi wa Julai 2006 lidalengeza kuti lipotilo silikhala lokakamiza, ndipo anthu ambiri amene adalipira maphunziro a nchito yoyendera nyumba adangotsala manja lende. Motero wogula ankalandira mapepala ambiri, koma funso limene limsowetsa tulo, lakuti kodi nyumbayi ndi yolimba, linalibe yankho m'menemo.

Lachiwiri, makalata amakalamba. Yankho la khonsolo limene linali loona m'mwezi wa Malichi lingathe kukhala lotha nchito pofika Sepitembala. Nyumba ikakhala miyezi yambiri osagulidwa, loya wa wogula, amene adzaimbidwa mlandu zinthu zikalakwika, sankatha kudalira makalata akale osonkhanitsidwa ndi mbali inayo. Banki yokongoza ndalama nayonso inkafuna atsopano. Choncho nchito imodzi inkalipiridwa kawiri.

Lachitatu, mtengo wa phukusi, umene unali mapaundi mazana angapo, unkagwera wogulitsa wogula asanaoneke nkomwe, ndipo nyumba ikapanda kugulidwa ndalamazo zinkangolowa m'madzi. Izi zidachitika pa nthawi yoipa, pakuti m'chaka cha 2008 chuma cha maiko ambiri chidagwa ndipo malonda a nyumba adazilala.

Kumene zidatheka

Tisafulumire kunena kuti nzeruyi njosatheka. Ku Scotland, dziko loyandikana ndi England, adayamba yao pa 1 Disembala 2008, naitcha Home Report, ndipo ikali kugwira nchito. Iwo sadachotse mtima uja. M'phukusi lao muli zinthu zitatu zokha: lipoti la katswiri wobvomerezeka amene ayendera nyumba, nanena mtengo wake ndi zofunika kukonza, naziika m'magulu atatu monga mwa kufulumira kwake, kalata ya magetsi, ndi tsamba la mafunso loyankha mwini nyumba. Makalatawo asapose masabata 12 pa tsiku limene nyumba iyamba kutsatsidwa, ndipo wofuna kugula akawapempha ayenera kuwalandira masiku 9 asanathe. Chachikulu nchakuti katswiri uja, ngakhale alipidwa ndi wogulitsa, wogula angathe kumzenga mlandu akalemba mosasamala.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira nchito, adatsata njira yotsika mtengo. Lamulo lao la 2019 lotchedwa Property Practitioners Act, limene lidayamba pa 1 Febuluwale 2022, liletsa mkhalapakati wa malonda a nyumba kulandira nchito yotsatsa nyumba mwini wake asanadzaze ndi kusaina fomu youlula zilema zimene azidziwa. Fomuyo ionetsedwa kwa wofuna kugula, niphatikizidwa ku pangano. Ikasowa, lamulo liwerenga ngati wogula sadauzidwe chilema chili chonse, ndipo mkhalapakatiyo angathe kuimbidwa mlandu. Fomu imeneyi siilowa m'malo mwa katswiri, pakuti mwini anena zokhazo zimene azidziwa. Koma siifuna ndalama, ifuna cholembera ndi chilungamo basi.

Pa maiko atatuwa tiphunzirapo kuti kuulula kwa wogulitsa kupindula ngati kuyankha chimene wogula aopadi, ngati kuli kwatsopano, ngati pali munthu wodziwika amene adzayankha mlandu mau ake akapezeka onama, ndiponso ngati mtengo wake suposa phindu lake. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, phukusi lisanduka mtolo wongolemetsa.

Nanga kwathu kuno?

M'mizinda yathu, pa malo olembetsedwa mwa lamulo la kaundula wa malo la 1967, loya wa wogula akafufuza ku ofesi ya malo naona dzina la mwini, chikole cha banki ngati chilipo, ndi chiletso chimene wina adaikapo. Afunanso chilolezo cha boma chosamutsira lizi, kalata ya MRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi umboni wakuti khonsolo siitsata ngongole pa nyumbayo. Amene mugula nyumba yotere, ku Ntcheu boma, ku Balaka kapena ku Lilongwe, musaumire ndalama za loya, pakuti nzochepa poyerekeza ndi zimene mungataye.

Koma nyumba zambiri za kuno ku Kasinje zili pa malo a makolo, amene ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ndipo sizidalembedwe m'kaundula wotere. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene lidayamba kugwira nchito m'chaka cha 2018, lidakonza zakuti pa gulupu ali yense pakhale komiti ya malo, ya agulupu ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo akazi osachepera 3, ndiponso kuti pakhale mabwalo oweruza mikangano ya malo. M'chaka cha 2022 Nyumba ya Malamulo idakonzanso malamulo a malo nikhwimitsa za kugulitsa kwake. Nchifukwa chake nthaka siigulitsidwa ngati mbuzi pa msika. Wogulitsa ndi wogula onse awiri ayambe afunsa kwa mfumu ndi ku ofesi ya malo ya boma lathu kuti amve chimene lamulo lilola pa malo amenewo. Palinso lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene liteteza mkazi kapena mwamuna wamasiye ndi ana, ndipo liwerenga kulanda chuma cha womwalira ngati mlandu. Wogula nyumba ya malemu kwa mbale amene alibe mphamvu yoigulitsa agula misozi ya ana amasiye pamodzi ndi mlandu.

Pa malo a makolo kaundula wathu ndi anthu: mfumu, eni mbumba, ankhoswe ndi oyandikana nao. Iwo adziwa zonse, koma zili m'mitu mwao, ndipo satsegula pakamwa ngati safunsidwa. Tsono ife sitiyenera kudikira kuti Nyumba ya Malamulo itilembere phukusi. Tingathe kulipanga tokha kukhala mwambo wa midzi yathu, pa tsamba limodzi kapena awiri, popanda kulipira mapaundi.

Zoyenera kulembedwa m'phukusi lathu

Choyamba, nthaka ndi ya yani, ndipo wogulitsa adaipeza bwanji? Adapatsidwa ndi mfumu, adalandira kwa makolo, adagula, kapena adangolozedwa pomanga monga mkamwini kapena mtengwa? Mwini mbumba abvomere ndi pakamwa pake. Mkazi wa wogulitsa, kapena mwamuna wake, akhalepo ndipo asaine. Ngati mwini woyamba adamwalira, ana onse adziwe, ndipo wogulitsa aonetse kalata yompatsa mphamvu.

Chachiwiri, malire. Asalozedwe ndi chala munthu ali pa khonde iai. Ayendedwe ndi mapazi pamodzi ndi oyandikana nao a mbali zonse, ndipo pa ngodya ili yonse pabzalidwe khonje kapena nkhadze, kapena paikidwe bikoni. Ngati nyumba ili m'mbali mwa mseu waukulu, muyese mtunda, pakuti mamita 30 kuchokera pakati pa mseu wotere mbali ili yonse ndi malo a mseu, ndipo chomangidwa m'menemo chingathe kugwetsedwa. Njanji ndi mawaya akuluakulu a magetsi zilinso ndi malo ake osamangapo.

Chachitatu, ngongole. Wogulitsa anene ngati nyumbayo adaiika chikole ku banki, ku banki mkhonde kapena kwa wa katapila, ndiponso ngati adalandirapo kale ndalama kwa wogula wina. Nyumba imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nthano, zichitika.

Chachinai, madzi. Ife a m'chigwa tidziwa kuti mitsinje youma ya Okutobala ndi yomweyo yolusa ya Januwale. Wogulitsa alembe zaka zimene madzi adalowa, naloze pa khoma pamene adafika. Mufunse makamaka za Januwale wa 2015, pamene boma la Ntcheu lidawerengedwa mwa maboma 15 ogwa m'ngozi ya madzi osefukira.

Chachisanu, thupi la nyumba. Maziko ndi akuya bwanji, ndipo ndi a miyala kapena a njerwa? Njerwa adamangira simenti kapena dothi? Nthaka ya makande itupa ndi mvula niuma ming'aluming'alu ndi dzuwa, ndipo nyumba ya maziko osaya isweka nayo pamodzi. Anene za chiswe m'mitengo ya denga, za malata odontha, za chimbudzi ngati chadzaza kapena chidagumukapo.

Chachisanu ndi chimodzi, ufulu wa anthu ena. Kodi pali njira ya ku mjigo kapena ya ku dimba yodutsa pa bwalo? Mitengo ya mango ili pa malopo ndi ya yani, popeza mtengo kawirikawiri utsata amene adaubzala? Pali manda kodi? Pali mlandu umene udakambidwapo kwa mfumu?

Chachisanu ndi chiwiri, zotsala ndi zochoka. Zitseko, mafelemu a mazenera, khola, nkhokwe, mita ya magetsi ndi ngongole zake, zonsezi zilembedwe, pakuti taona anthu akudana moyo wonse chifukwa cha chitseko chimodzi chozulidwa usiku wosamuka.

Kachitidwe kake

Tsambalo likhale ndi tsiku, mwezi ndi chaka, ndipo likatha miyezi 3 malonda asanachitike, kapena ikadutsa nyengo ya mvula, lilembedwenso. Liwerengedwe mokweza pa bwalo, masana, pamaso pa nyakwawa kapena agulupu, a komiti ya malo kumene iliko, ndi abale a mbali ziwiri, amai osasiyidwa, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga amve ndi makutu ake. Mboni zisakhale za wogulitsa yekha. Makope akhale atatu: la wogula, la wogulitsa, ndi losungidwa kwa mfumu. Wogula abwere ndi mmisiri wake womanga, wosakhala mbale wa wogulitsa, agogode makoma ndi kukwera kudenga. Ndalama zisatuluke zonse tsiku limodzi. Gawo lotsiriza liperekedwe pa tsiku lolandira makiyi.

Tipempha mafumu athu ndi ulemu wonse kuti asaike chidindo chao pa kalata ya malonda tsamba lotere lisanawerengedwe. Tipemphanso aphunzitsi ndi ena onse oitanidwa kukalemba kuti tigwirizane pa chimodzi: dzanja lathu lisalembe mtengo mafunsowa asanayankhidwe.

Mau kwa wogulitsa

Tidziwa chimene ena a inu munena mumtima: "Ndikaulula za madzi ndi ming'alu, mtengo utsika, mwina wogula athawa." Inde, nthawi zina utsikadi, sitikunamizani. Ndipo tidziwa kuti ambiri sagulitsa nyumba mwa chisangalalo. Agulitsa chifukwa cha matenda, fizi ya mwana kapena njala. Koma lingalirani bwino. Ndalama zimene zionjezeka chifukwa cha kubisa chilema sizinali zanu ndi kale lomwe. Tonse tidaphunzira tili ana kuti kunyenga pa malonda kuli m'gulu la kuba, ndi kuti chotengedwa motero chiyenera kubwezedwa. Kuonjezera apo, tsambali litchinjiriza inu omwe, pakuti chilema chimene mudachitchula pa bwalo, chidalembedwa ndipo wogula adasainira, sangabwere nacho mawa kudzakuzengani. Wogulitsa wa ku London asamuka osadzaonananso ndi wogula wake, koma inu mudzatunga pa mjigo umodzi ndi banja lake, mudzakhala pa siwa imodzi, ndipo ana anu mwina adzakwatirana ndi ake. Mbiri ya banja lanu iposa makwacha amene mungaonjeze.

Mau kwa wogula

Inunso wogula musagone chifukwa mwalandira pepala. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Wogulitsa angathe kuiwala, angathe kusadziwa, angathenso kunama ngakhale pa pepala. Pitani nokha, wogulitsa ndi dobadoba palibe, mukakhale pa mphasa ndi agogo oyandikana ndi nyumbayo muwafunse mofatsa. Ngati nkotheka, muione nyumbayo mvula ikugwa. Ndipo mukamva mau akuti fulumirani, pali wina abwera ndi ndalama mawa, pamenepo ndiye mudekhe koposa. Wogulitsa woona mtima saopa sabata imodzi ya mafunso. Inu amene muli kutali ku nchito ndipo mutumiza ndalama kwa abale kuti akugulireni, muwauze akutumizireni chithunzi cha tsambalo pa foni, ndi maina a mboni, musanatumize kanthu. Safunsa adadya phula.

Mnzathu uja mlandu wake udatha zaka 2 ukuyenda pa mabwalo. Potsiriza mfumu ndi ankhoswe adawagwirizanitsa, iye nalipiranso kwa eni mbumba kuti amlole kukhala, nagwetsa khoma limodzi ndi kulimanganso, nakumba ngalande kuzungulira nyumba. Akawerengera zonse, nyumba imodzi adaigula pafupifupi kawiri. Sabata imodzi yofunsa ndi tsamba limodzi lowerengedwa pa bwalo zikadampulumutsa.

Chotero, abale, mau awa muwawerenge madzulo banja lonse lili pamodzi, muwakambenso pa misonkhano ya m'midzi mwanu, ndipo wodziwa kuwerenga awerengere wosadziwa. Amene muli ndi nyumba yogulitsa chaka chino, yambani ndinu. Tengani tsamba, mulembe mayankho asanu ndi awiri aja wogula asanafike pa khomo panu.